Mwana wachisamba akubwera: tikonze bwanji thumba la banja?

Mayi akazindikira kuti ali ndi pakati pachisamba, pakhomo pamadzaza chimwemwe ndipo ena amayambiratu kuganizira dzina. Koma pali funso limene mabanja ambiri amalizengereza mpaka matenda atayamba: kodi ndalama zoyendera, zodyera kuchipatala ndi zolerera mwanayo zichokera kuti? Zotsatira za kuzengerezako timaziona m'chipinda chochirira. Mayi amafika mochedwa, atataya kale magazi, chifukwa bambo anatha maola awiri akugogoda m'makomo kufuna ngongole ya kabaza. Wina amachira bwinobwino, koma pobwerera kumudzi amapeza chimanga cha chaka chonse chitagulitsidwa motaya.

Phunziroli ndi lanu, inu amene mukuyembekezera mwana woyamba, mayi ndi bambo omwe. Tengani kope ndi cholembera, mukhale pansi limodzi.

Yambani ndi tsiku

Simungakonze ndalama musanadziwe kuti zidzafunika liti. Tengani tsiku loyamba limene mayi anasamba komaliza, muonjezere masiku 7, kenaka muwerenge miyezi 9 kutsogolo. Ngati mayi anasamba komaliza kuyambira pa 10 Meyi, mwana akuyembekezeka cha pa 17 Febuluwale. Azamba akusikelo adzakutsimikizirani tsikuli.

Mukalidziwa, yang'anani kuti likugwera nyengo yanji. Mwana wa mu Januwale, Febuluwale kapena Malichi amabadwa chimanga chitakwera mtengo, nkhokwe zitapepuka, ndalama zitapita ku feteleza, misewu ili matope okhaokha ndipo mitsinje ina itadzaza. Banja lotere liyenera kupatula matumba a chimanga ndi ndalama mu Juni kapena Julayi, zokolola zikadali pakhomo. Mwana wa mu Juni kapena Julayi amapeza chakudya chilipo, koma amabadwira m'chisanu, choncho kabulangete, chipewa ndi masokosi zisasowe.

Dziwaninso kuti ana ambiri sabadwa pa tsiku lenileni lowerengedwa, ndipo ena amafulumira ndi masabata angapo. Zonse zikhale zitakonzeka mwezi wachisanu ndi chiwiri usanathe.

Dziwani zaulere ndi zolipira

M'zipatala za boma, sikelo, kuchira, opaleshoni ndi katemera wa mwana n'zaulere, kupatula m'mawodi olipira amene munthu amasankha yekha. Kusikelo mayi amayezedwa magazi, kuthamanga kwa magazi, HIV ndi chindoko. Amalandira mapiritsi owonjezera magazi, Fansidar woteteza ku malungo miyezi itatu yoyamba ikadutsa, katemera wa kafumbata ndi neti yonyikidwa m'mankhwala. Wopezeka ndi HIV amayamba ma ARV nthawi yomweyo, kwaulere, kuti mwana atetezeke. Musagule kusitolo zinthu zimene mukanalandira kusikelo.

Zipatala za mishoni, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa. Komabe zambiri zili pa mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene a m'dera lozungulira azithandizidwa osalipira, boma n'kumabweza ndalamazo. Mgwirizanowu sukhala pa chipatala chilichonse ndipo sukhudza chithandizo chilichonse. Pa ulendo woyamba wa sikelo funsani mafunso atatu awa: kodi mudzi wathu uli mu mgwirizanowu? Nanga kuchira n'kwaulere? Atafunika opaleshoni kapena kutumizidwa ku chipatala chachikulu, tidzalipira chiyani? Safunsa anadya phula.

Ngati muli pa MASM kapena inshulansi ina ya zachipatala kudzera kuntchito, funsani ngati mkazi analembetsedwa, ngati za uchembere zilimo, ndiponso kuti mwana alembetsedwe liti akabadwa. Ma inshulansi ambiri amafuna kuti munthu akhale atalowa kwa nthawi ndithu asanamulipirire za uchembere.

Mitolo itatu ya ndalama

Ngakhale chithandizo chikhale chaulere, kubereka kuli ndi mtengo wake. Gawani zofunika m'mitolo itatu ndipo mulembe mtengo wa chilichonse monga mmene uliri kumsika kwanu lero.

*Mtolo woyamba ndi wa miyezi ya pakati.* Malangizo a masiku ano ndi oti mayi ayambe sikelo m'miyezi itatu yoyamba ndipo aonedwe kasanu ndi katatu asanachire. Werengerani thiransipoti ya maulendo 8, kupita ndi kubwera, komanso ya bambo pa maulendo amene aperekeze. Onjezani kabuku ka kuchipatala. Pa chakudya musaganize za zam'mabotolo zodula. Mayi akufunika magulu asanu ndi limodzi a zakudya: nsima kapena mbatata, nyemba kapena mtedza, usipa kapena dzira, masamba, zipatso za nyengo yake ndi mafuta pang'ono. Kadimba kuseri kwa nyumba ndi nkhuku zingapo zimachepetsa kwambiri mtolo umenewu.

*Mtolo wachiwiri ndi wa tsiku lochira.* Chipatala chilichonse chili ndi mndandanda wake, ndipo mudzaulandira kusikelo. Kawirikawiri pamakhala zitenje zochapa bwino zingapo, beseni, ndowa, sopo, pepala la pulasitiki loyala pabedi, lezala latsopano, ulusi, tochi, nsalu kapena mapadi a mayi, ndi zovala zochepa za mwana. Musaiwale gadiyani. Amene adzadikirire mayi adzafunika ufa, ndiwo, nkhuni kapena makala, mapoto ndi ndalama yobwererera. Ngati mumakhala kutali, azamba adzauza mayi kuti akakhale kuchidikiro masabata omalizira, ndiye chakudya cha anthu awiri cha masabata awiri kapena anayi chikhale chopatulidwa.

*Mtolo wachitatu ndi wa zadzidzidzi.* Uwu ndiwo umapulumutsa moyo. Mayi akayamba kutaya magazi, kumva mutu waukulu ndi kuona zachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, nsupa ikasweka nthawi isanakwane, kapena mwana akasiya kusewera m'mimba, palibe nthawi yoti mbuzi ipite kumsika. Ambulansi imatha kukhala itapita kwina. Pitani lero kwa mwini galimoto kapena wa njinga yamoto wodalirika, mumve mtengo wa usiku, osati wa masana, wokafika ku chipatala chimene chimachita opaleshoni. Sungani nambala za anthu awiri, ndipo nonse muzidziwe. Ndalama ya mtolo umenewu isakhudzidwe ngakhale kutagwa maliro kapena ukwati.

Ena amaganiza kuti kuchirira kunyumba n'kotchipa. Boma linaletsa azamba akumudzi kubereketsa mu 2007, ndipo m'midzi yambiri mafumu amalipiritsa chindapusa banja limene lachirira pakhomo. Koma chindapusa n'chaching'ono poyerekeza ndi chiberekero chong'ambika kapena mwana wobanika. Pakati pachisamba sitidziwa kuti njira ya mayi ndi yotani mpaka matenda atayamba, n'chifukwa chake wachisamba aliyense ayenera kuchirira kuchipatala.

Kusunga pang'onopang'ono

Mukaphatikiza mitolo itatuyi chiwerengero chikhoza kukuopsani. Chigaweni ndi miyezi imene yatsala. Tiyerekeze kuti zonse zakwana K180,000 ndipo kwatsala miyezi 6 kuti mwezi wachisanu ndi chiwiri uthe: ndiye K30,000 pamwezi, kapena K1,000 patsiku. Banja lomwelo likadikira mpaka kutatsala miyezi iwiri, lifunika K3,000 patsiku. Kuyamba msanga ndiko kumapeputsa katundu.

Kuti muone pamene ndalamayo ingachokere, lembani chilichonse chimene mwagula kwa masabata awiri, ngakhale mayunitsi a foni, kanyenya, mowa, kubetcha pa mpira ndi zokonzetsa tsitsi. Mabanja ambiri amadabwa kuona kumene ndalama zimathawira. Aliyense asiyeko kanthu, osati mayi yekha.

Nanga musunge kuti? Kumbukirani kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo inakwera. Ndalama yogona pansi pa matiresi imaonda. Choncho zinthu zosaonongeka, monga zitenje, beseni, ndowa ndi sopo, muzigula chimodzichimodzi mwezi uliwonse. Chimanga, nyemba ndi mtedza zisungidwe monga mbewu, zitathiridwa mankhwala a anankafumbwe kapena zili m'matumba osalowa mpweya. Ndalama ya zadzidzidzi yokha ndiyo ikhale yogwirika: ina pa Airtel Money kapena Mpamba, ina m'nyumba, chifukwa usiku ejenti amakhala atatseka.

Banki m'khonde ndi yothandiza, koma yang'anani mwezi wogawana. Magulu ambiri amagawana chaka chikamatha, pamene mwana wanu mwina akubadwa mu Ogasiti. Funsaninso ngati thumba la zadzidzidzi la gululo limathandiza pa uchembere. Ngongole ya gulu ndi ya bizinesi imene ibweze phindu, si yogulira zovala za khanda. Katapila ndiye muthaweni. Wokongola K50,000 n'kubweza K75,000 mwezi ukatha wataya K25,000 imene ikanagula chakudya cha mayi woyamwitsa.

Chinthu china n'chovuta kuchinena koma n'chofunika. Mayi adziwe pamene ndalama ili ndipo akhale ndi mphamvu yoitenga. Matenda akhoza kuyamba bambo ali kunyanja, kufodya kapena ku Johannesburg. Gwirizananinso ndi apongozi ndi amalume kuti zikavuta, mayi anyamuke osadikira chilolezo cha munthu.

Ufulu wanu kuntchito

Lamulo la Employment Act la 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Ogwira ntchito m'boma amapatsidwa masiku 90. Kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha pakati ndi mlandu, ndipo tchuthi chikatha ayenera kubwerera pa ntchito yake. Lamuloli litakonzedwa mu 2021, bambo nayenso anapatsidwa masabata osachepera awiri olipidwa, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo mayi woyamwitsa anapatsidwa nthawi yoyamwitsa ya theka la ola kawiri patsiku kwa miyezi yosachepera 6.

Dziwitsani abwana anu msanga, polemba kalata, ndipo musunge kope lake. Ngati n'kotheka sungani masiku a tchuthi chapachaka kuti muwalumikize ku tchuthi cha uchembere. Akakukanizani, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Onaninso mawu akuti "kamodzi pa zaka zitatu": mwana wachiwiri akatsatana pafupi, lamulo silikakamiza abwana kulipira tchuthi china. Thupi la mayi nalonso limafuna zaka ziwiri zopuma asanatengenso pakati. Kambiranani zimenezi awiri, ndiponso ndi azamba anu.

Koma ambiri mwa inu simuli pa ntchito yolembedwa. Mayi wogulitsa tomato, mandasi kapena kaunjika, ndi mayi wa kumunda, alibe womulipira akakhala pansi. Tchuthi chake ayenera kudzilipira yekha. Werengerani phindu la masabata 6, muliike pa ndalama zosunga. Mpamba wa bizinesi ukhale padera, usadyedwe pa chikuta, chifukwa mabizinesi ambiri a amayi amafera pamenepa. Pezani mchemwali kapena mnzanu wokhulupirika wogwirizira benchi. Ngati mwana akubadwa nthawi yodzala kapena yopalira, konzeranitu za aganyu. Mayi wochitidwa opaleshoni sayenera kunyamula zolemera kapena kugwira khasu kwa masabata osachepera 6.

Kuno kwathu kulibe ndalama imene boma limapereka kwa aliyense wobereka mwana. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, ndi wa mabanja ovutikitsitsa amene alibe wogwira ntchito, ndipo salowa munthu chifukwa cha pakati pokha. Musamuwerengere pa bajeti yanu ngati simuli kale m'kaundula.

Kwa inu amene mwini pakati wakuthawani: lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limati makolo onse awiri ali ndi udindo wosamalira mwana, kaya ali pabanja kaya ayi. Ofesi ya zosamalira anthu ya m'boma lanu ikhoza kukuthandizani, ndipo bwalo la milandu lili ndi mphamvu yolamula bambo kuti azipereka chithandizo. Kutero si kupempha, ndi ufulu wa mwanayo.

Mwana akabadwa

Njira yaikulu yopulumutsira ndalama ili pachifuwa pa mayi. Mwana ayamwe m'ola loyamba atabadwa, ndipo ayamwe mwakathithi miyezi 6, osampatsa madzi, phala kapena mankhwala azitsamba. Mwana woleredwa ndi mkaka wam'chitini amatha pafupifupi makilogalamu 20 m'miyezi 6 yoyamba, omwe ndi zitini 50 za magalamu 400. Funsani mtengo wa chitini chimodzi kusitolo, muchulukitse ndi 50, muonjezere makala owiritsira madzi tsiku lililonse. Ndalama zikachepa, makolo amayamba kuthira madzi ambiri mumkaka, mwana n'kuyamba kunyentchera ndi kutsegula m'mimba. Gawo laling'ono chabe la ndalama imeneyo likhoza kudyetsa bwino mayi woyamwitsa. Ngati pali vuto lenileni loletsa kuyamwitsa, achipatala ndiwo akulangizeni.

Pa matewera chitaninso masamu. Khanda limasinthidwa kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu patsiku, ndiye matewera otaya akhoza kufika 240 pamwezi. Matewera ansalu 12 mumagula kamodzi, amangofuna sopo, madzi ndi dzuwa, ndipo adzagwiranso ntchito kwa mng'ono wake. Mabanja ambiri amagwiritsa ansalu pakhomo, otaya paulendo pokha. Zovala za khanda musagule zambiri, pakuti zimathina m'masabata ochepa. Zakaunjika kapena zosiya ana a achibale, zitachapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa, n'zabwino ndithu.

Werengeraninso maulendo a kuchipatala. Mayi ndi mwana amaonedwanso pakatha sabata imodzi ndi pa masabata 6. Katemera woyamba amaperekedwa mwana akangobadwa, wina pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Onsewa ndi aulere, ndipo alangizi a zaumoyo amachititsa sikelo m'midzi yambiri, choncho funsani malo apafupi. Musanatuluke m'chipatala, onetsetsani kuti mwana walembedwa m'kaundula wa NRB kuti adzalandire chiphaso cha kubadwa. Lamulo limafuna kuti zimenezi zichitike m'masabata 6, ndipo kuzichita mochedwa kumadya nthawi ndi thiransipoti.

Khanda likatentha thupi, likakana kuyamwa, likamapuma mothamanga kapena mchombo ukafiira ndi kutuluka mafinya, thamangirani kuchipatala. Musataye ndalama ndi nthawi pa mapiritsi a pagolosale. Choncho mtolo wa zadzidzidzi uja, ukagwiritsidwa ntchito, ubwezeretsedwe.

Adzalera mwana ndani?

Tchuthi cha masabata 8 chimatha mwana adakali wakhanda. Funso la womulera likambidwe pakati pasanakule. Sukulu za mkombaphala za m'midzi zimalandira makamaka ana a zaka zitatu kufika zisanu, ndiye kwa khanda njira zake ndi zitatu.

Yoyamba ndi agogo kapena wachibale. Ambiri amati n'zaulere, koma wobwerayo adzadya, adzasamba, adzadwala, adzafuna thiransipoti, ndipo mwina wasiya munda wake. Kambiranani poyera za nthawi imene adzakhale ndi chimene mudzamuchitire, kuti chibale chisaonongeke.

Yachiwiri ndi kulemba wantchito. Boma limaika malipiro otsikitsitsa a antchito apakhomo, ndipo ofesi ya zantchito ingakuuzeni mlingo wa chaka chino. Muonjezerepo chakudya, malo ogona ndi tsiku lopuma. Wolipidwa mochedwa kapena monyozeka sakhalitsa, ndipo wovutika ndi mwana wanu. Musatenge kamtsikana kumudzi n'kukasiyitsa sukulu kuti kakulerereni mwana. Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ngakhale wopitirira apo, tsogolo lake n'lofunika ngati la mwana wanuyo.

Yachitatu ndi malo olipira osungirako ana m'tauni. Musangomva mtengo. Pitani mosawadziwitsa, muwerenge makanda amene mlezi mmodzi akusamalira, muone madzi, chimbudzi ndi pogona ana.

Njira iliyonse imene mungasankhe, yerekezani mtengo wake ndi zimene mayi amapeza, kuchotsapo thiransipoti ndi chakudya chamasana. Ndipo kubwerera kuntchito sikutanthauza kusiya kuyamwitsa. Azamba akhoza kukuphunzitsani kufinya mkaka wa m'mawere, kuusunga m'kapu yoyera yovundikira, ndi kumwetsa mwana ndi kapu m'malo mwa botolo.

Maphwando ndi alendo

Masiku ano kwabwera maphwando olandirira mwana asanabadwe, zovala zofanana ndi ojambula zithunzi. Pambuyo pake pamabwera kutuluka chikuta, kutcha dzina ndi phwando la ubatizo. Kusangalala si kolakwa, koma phwando la ngongole limatha tsiku limodzi pamene ngongoleyo imakula limodzi ndi mwana. Dzazani kaye mitolo itatu ija, zotsala ndizo zipite ku chisangalalo. Anzanu akafunsa mphatso imene mungakonde, musachite manyazi kunena kuti sopo, zitenje, matewera ansalu kapena thumba la makala. Alendo odzaona mwana nawo amadya, ndiye gwirizanani kuti ogonera akhale ochepa, amene abweradi kudzathandiza.

Zoti muchite sabata ino

1. Werengani tsiku loyembekezeka, ndipo ngati mayi sanayambe sikelo, apite sabata ino, bambo aperekeze.
2. Lembani mitolo itatu ndi mitengo yake, mugawe ndi miyezi yotsala.
3. Pezani woyendetsa wodalirika, mumve mtengo wa usiku, musunge nambala yake.
4. Sankhani gadiyani ndi wodzalera mwana, ndipo muwauze.
5. Ngati muli pantchito, lembani kalata yopempha tchuthi.

Mafunso okambirana pagulu

Kodi m'mudzi mwathu, mayi akayamba matenda pakati pa usiku m'nyengo ya mvula, amafika bwanji kuchipatala, ndipo zimadya ndalama zingati? Kodi gulu lathu la banki m'khonde lingakhazikitse thumba la thiransipoti ya amayi oyembekezera? Ndi miyambo iti yokhudza mwana wachisamba imene imathandiza banja latsopano, nanga ndi iti imene imalisiya m'ngongole?

Mutu umodzi susenza denga. Mukamaliza kulemba, onetsani kope lanu kwa azamba pa sikelo yotsatira. Iwo akudziwa zimene chipatala chanu chimafuna, ndipo adzakuuzani ngati mwaiwala kanthu.